Nkhope Zolira mu Foni ya Ba Kamanga

Mwezi uno chatha chaka chimwalirireni Ba Kamanga, ndipo muno m'komboni ya George palibe amene wazitchula. Ine ndakumbuka chifukwa mvula yayamba. Mvula ikayamba, munthu woyamba kufika pa kiyosiki yanga ya madzi ndi madandaulo anali iwowo, nsapato zili matope okhaokha, ndodo yoyera ija itada mpaka pakati. Ankati matope a mu George ali ndi tsankho, amasiya anthu amaso n'kumafunafuna iwo. Ine ndinkawauza kuti azikhala kunyumba ngati nkhalamba zinzawo. Ankandiyankha kuti kunyumba kumakhala odwala.

Sanali m'bale wanga. Nyumba yawo ili kuseri kwa kiyosiki, ndipo kwa zaka zambiri ankabwera m'mawa kudzakhala pafupi nane, ine ndikudzaza zigubu za anthu, iwo akumvetsera za m'komboni. Maso anafa ali mwana, ndi chikuku. Bambo awo anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito kuno, ndipo ndi amene anakakamira kuti mwana wosaonayo apite ku sukulu m'malo momukhazika pamsewu ndi mbale. Atakula anapeza ntchito pa fakitale ina ku Indasitiriyo, yolandira mafoni ndi kuwalumikiza ku maofesi. Anaigwira mpaka fakitaleyo itatsekedwa. Khutu lawo linali loopsa. Mzimayi akangopereka moni kamodzi, mawa lake amutchula dzina n'kumufunsa ngati chifuwa cha mwana chinatha. Jekete ndi tayi sankasiya, ngakhale mu Okutobala pamene malata amalira ndi kutentha.

Ndisanamize anthu kuti anali mngelo. Anali munthu wa makani, wosamva za mnzake. Ukawagwira mkono kuti uwaolotse ngalande asanakupemphe, ankakukutumula ngati wawapisa m'thumba. Ndinayambana nawo kambirimbiri. Tsiku lina ndinawauza kuti kunyada kwawoko kudzawagwetsera m'dzenje, iwo n'kundiuza kuti m'dzenjemo akandipezamo ine, chifukwa ndimayenda maso ali pa za eni. Tinatha sabata osalankhulana. Koma ankabwerabe m'mawa uliwonse, n'kukhala pomwepo atandipatsa msana, kuti ndidziwe bwino kuti akwiya.

Ntchito yawo yeniyeni atapuma inali maliro. Anzawo a pa fakitale anamwazikana, ena ku Matero, ena ku Chawama, ena ku Kanyama, koma anali ndi kabungwe kawo kothandizana pa zovuta. Kale zidziwitso za maliro zinkalengezedwa pa wailesi, ndipo nthawi yake ikakwana Ba Kamanga sankafuna phokoso. Ngakhale mpopi ndinkautseka pang'ono. Akamva dzina lodziwika ankaimirira pomwepo, kukonza tayi, ulendo wa ku minibasi. Iwo wosaonawo ndi amene ankauza anzawo amaso kuti uje watisiya. Ankakonda kunena kuti maliro n'kulirana, ndiponso kuti zambiri zimene amaso amachita iwo sangathe, koma kugona pa nyumba ya maliro ndi kuperekeza mnzawo kumanda, pamenepo palibe angawapose.

Pa anzawo onsewo wapamtima anali Ba Mutale, Mbemba amene ankayendetsa lole ya pa fakitale. Kuno anthu a chigawo cha kum'mawa ndi Abemba ndife a chimbuya. Timanyozana mwanthabwala popanda wokwiya, ndipo pamaliro ndi pamene chimbuya chimagwira ntchito yake. Mbemba akamwalira, a kum'mawa amabwera kudzapaka ofedwa pauda, kunyoza malemu, kuseketsa anthu kuti chisoni chisawaphe. Wa kum'mawa akamwalira, Abemba amabwezera. Ba Kamanga, ngakhale bambo awo anali a ku Malawi, kwa Ba Mutale anali wodya mbewa basi. Iwo ankabweza kuti wodya anyani. Anapangana kalekale, mowa uli pakati, kuti amene adzatsale ndiye adzaimirire pamanda kunyoza mnzake mpaka amayi olira aseke. Pangano limeneli Ba Kamanga ankalitenga ngati lumbiro la ku khoti. M'thumba la jekete ankasungamo kabotolo ka pauda, ndipo nthabwala zatsopano ankaziyesera pa ine. Zina sizinali zoti amve mzimayi wopemphera ngati ine, koma ndinkaseka mpaka madzi kusefukira m'chigubu.

Ba Mutale atagwidwa ndi sitiroko, mwana wawo wamkazi anawatengera ku Chainda, tsidya lina la tauni. Pakamwa panapotoka, pa foni sankamvekanso. Ba Kamanga ankapitako mwa apo ndi apo kukawanyoza ali gone, winayo akungogwedeza phewa poseka. Koma kuchoka ku George kufika ku Chainda ndi mabasi awiri, ndipo miyendo inali itayamba kukana.

Ndiye kunabwera za intaneti. Ana a mamembala anati kulengeza pa wailesi n'kwachikale, ndipo mlembi watsopano wa kabungwe, Ba Kelvin, mwana wa mmodzi wa madala aja, anatsegula webusaiti yoti zonse zizilengezedwa pamenepo. Musaganize kuti Ba Kamanga anadana nazo. Iwo ndi amene anasangalala koyamba. Mwana wawo anali atawagulira foni yolankhula, yokhala ndi mawu a mzimayi woyankhula Chingerezi mothamanga ngati akuthawa ngongole. Akayendetsa chala pagalasi, mzimayiyo ankawerenga chilichonse cholembedwa. Ankamutcha Ba Madamu. Nkhani za m'dziko, za mpira, mavesi a m'Baibulo, zonse Ba Madamu ankawawerengera. Ine wamaso ankandiseka kuti foni yanga ndimangoiyesa tochi, ndipo sankanama.

Vuto linali lakuti zidziwitso za maliro sankazilemba ngati mawu. Inunso mwaziona: chithunzi cha malemu atavala suti, kumbuyo mitambo ndi nkhunda, m'munsi makandulo, ndipo dzina, nyumba ya maliro ndi tsiku loika, zonse zili mkati mwa chithunzicho. Kwa ife n'zokongola. Kwa Ba Madamu chonsecho chinali chinthu chimodzi. Chala chikafika pamenepo ankangoti imeji, kutanthauza chithunzi, n'kukhala chete. Pansi pake anthu ankaikapo tinkhope tolira ndi timanja topemphera m'malo molemba mawu achipepeso, ndipo timeneto ankatiwerenga bwinobwino, kamodzikamodzi: nkhope yolira, nkhope yolira, manja opemphera. Choncho Ba Kamanga ankadziwa kuti wina wafa, ankamva anthu onse akulira, koma dzina ayi.

Zimene ankapempha zinali zochepa, mpaka zimandipsetsa mtima ndikaziganiza. Ankati pansi pa chithunzi azilembapo dzina, malo ndi tsiku m'mawu wamba, basi. Anakazinena pa msonkhano wa kabungwe, anthu anawaombera m'manja. Anakazinenanso, anauzidwa kuti zili m'ndondomeko. Ulendo wina anaitanidwa ku hotela ina m'tauni, kumene mabwana ankakambirana zoti anthu olumala nawonso azitha kugwiritsa ntchito intaneti. Analankhula, anajambulidwa, anadya nkhuku. Anabwerako ndi sikipa yolembedwa mawu pachifuwa, n'kundifunsa mwachipongwe ngati ikuwakhala. Sikipayo inathera kupukutira nsapato.

Ba Kelvin ankafotokoza kuti zithunzizo amapanga ndi achibale a malemu pa mafoni awo, iwo amangoziika mmene zabwerera, ndipo ntchitoyo amaigwira mwaulere akaweruka. Sanali munthu woipa, anali wotopa. Amene anawononga zonse ndi tcheyamani. Pamaso pa anthu anafunsa ngati ku George konse kulibe munthu wamaso woti aziwerengera Ba Kamanga.

Kuyambira pamenepo Ba Kamanga anaika lamulo lakuti foni yawo sigwiridwa ndi munthu. Ine ndinkati bweretsani ndione, ndi kanthu kochepa. Ankakana. Ankati tsiku limene ine amake Tamara ndidzawawerengere, a komiti adzati vuto latha, ndipo osaona ena amene alibe amake Tamara pafupi adzangotsala choncho. Ankatinso zaka zonse za pa fakitale uthenga wa mabwana unkadutsa m'manja mwawo, lero sangasanduke wopemphetsa uthenga. Akamva nkhope zolira ankaimbira Ba Kelvin, kuwavutitsa dala mpaka atchule dzina. Ankati akatopa ndi mafoni awo adzakonza.

Tsiku limene sindidzaiwala linali la nyengo ngati ino. Magetsi anali atasowa masiku angapo kuno kwathu, mafoni a anthu atazima. M'mawa umenewo Ba Kamanga anakatchajitsa yawo kwa wometa tsitsi amene ali ndi sola, n'kubwera kudzakhala pamalo pawo. Ndinamva Ba Madamu akuyamba: imeji. Kenako nkhope yolira, nkhope yolira, osatha. Sindinamvepo zambiri chotero. Amayi a pamzere anasiya nkhani zawo.

Anaimbira Ba Kelvin, sanayankhe. Anaimbira tcheyamani, foni inali yotseka. Anayesa kulemba funso pa webusaitipo, koma Ba Madamu ankangoti batani, batani, osanena kuti batanilo ndi la chiyani. Membala wina amene anayankha ananong'ona kuti ali m'tchalitchi, zonse zili pa webusaiti, n'kudula. Ine ndinatambasula dzanja kuti andipatse. Anandiuza kuti ndisamale za madzi anga. Ndinati amene wafayo akhoza kukhala wapafupi. Anati wapafupi akanamwalira, munthu akanabwera ndi miyendo kudzawauza, chifukwa ndi mmene anthu amachitira. Anapitiriza kuimba, n'kumabwereranso pa chithunzi chija, kuchigogoda ndi chala ngati chitseko. Mzere wa m'mawa unatha, unayamba wina, iwo akadali pomwepo.

Masana atapendeka anatulutsa mpango, anapukuta galasi la foni, n'kuiika pa thabwa langa pakati pa zitsekerero za zigubu.

"Bamake Tamara, niuzeni chabe zina lake."

Ndinayang'ana. Anali Ba Mutale, atavala suti, nkhunda ziwiri pamwamba pa mutu. M'munsi munalembedwa kuti mwambo wa m'tchalitchi ndi m'mawa wa tsiku lomwelo, kenako kumanda. Sindinafune kunena, koma khutu lija linamva kupuma kwanga.

"Ni Mutale," anatero iwo. "Bamuika liti?"

Ndinawauza kuti lero lomwe, ndipo nthawi yapita kale.

Ndinatseka kiyosiki, anthu akung'ung'udza, n'kukwera nawo minibasi. Pa tauni tinakhala m'basi ina kudikira kuti idzaze, kondakitala akucheza ndi ogulitsa masiwiti ngati dziko lonse lilibe kopita. Ba Kamanga dzanja linali m'thumba la jekete njira yonse. Titafika kumanda tinakumana ndi lole ya olira ikutuluka pageti. Ena nkhope zinali zoyera ndi pauda. Wina wa kum'mawa, amene mwina Ba Mutale sankamudziwa n'komwe, anali atagwira kale ntchito ya chimbuya. Okumba manda anatilozera mtumbira watsopano.

Anagwada m'matope ndi buluku la suti, n'kupapasa mtumbirawo kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, mawaya a nkhata za maluwa akuwakanda m'manja. Ine ndinadikira nthabwala zija, ndinkazidziwa zonse. Anakonza pakhosi, anati iwe wodya anyani, n'kuima. Panalibe woseka. Ndinayesa ine, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka.

"Chimbuya chifuna bantu," anatero. "Apa nitukwana chabe muntu wakufa."

Anandipatsa kabotolo ka pauda kuti ndikataye, ndipo ndinakataya pa mulu wa maluwa akale.

Pobwerera m'basi anandipempha chinthu chimene sindinachiyembekezere. Anati ndiwauze zimene zili pa chithunzi chija, zonse. Zaka zonsezo anali asanafunsepo munthu kuti Ba Mutale amaoneka bwanji. Ndinawauza kuti anali wamfupi, wakuda bii, makutu aakulu, mpata pakati pa mano, ndipo suti inali yaikulu m'mapewa ngati yobwereka. Anaseka pang'ono, n'kunena kuti wabodza uja ankawauza kuti ndi wamtali, akazi ankamuthamangira. Kenako anaweramitsa mutu.

Ine mpaka lero sindidziwa woti ndimukwiyire. A komiti aliyense ankaganiza kuti mnzake wawauza kale. Mwana wa Ba Mutale nambala analibe, foni ya bambo ake inatayika atangoyamba kudwala, ndipo iye anachita zimene aliyense amachita masiku ano, kutumiza chithunzi kwa mlembi. Ba Kamanga eni ake, inde ndinawakwiyira, chifukwa akanandipatsa foni ija m'mawa tikanafika m'tchalitchi nyimbo zisanathe. Koma zimene ankamenyera zinali zoona. Anataya maliro a mnzawo chifukwa choumirira chinthu choona, ndipo zimenezi zimandiwawa kwambiri.

A komiti anabwera kudzapepesa. Ba Kelvin analira misozi yeniyeni, ndipo zidziwitso zotsatira anazilembadi m'mawu pansi pa chithunzi. Ba Madamu anawerenga dzina, malo, tsiku, zonse. Ine ndinasangalala kuposa eni ake. Iwo anangoti tione. Patapita miyezi yochepa Ba Kelvin anapeza ntchito ku migodi, webusaiti anaisiyira wina amene nkhaniyi sankaidziwa, ndipo zithunzi zinabwerera mmene zinalili. Ndinawauza Ba Kamanga kuti apite akawakumbutse. Anati atopa kuphunzitsa munthu mmodzimmodzi, dziko lili ndi anthu ambiri.

Tayi anasiya kuvala. Foni ankangomverapo nyimbo za kwaya, ndipo za webusaiti sanazitchulenso. Maliro a pafupi, oti amva kulira ndi makutu awo, ankapitabe, koma akutali ayi. Ndikawagwira mkono pa ngalande ankangonditsatira, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa.

Sanadwale nthawi yaitali. Chinali chifuwa, ndipo anamwalirira ku chipatala. Ana awo anapangitsa chithunzi chokongola, Ba Kamanga ali ndi tayi, kumbuyo mitambo ndi nkhunda. Ndinauza mwana wawo wamkulu kuti aonetsetse kuti alembapo mawu pansi pake. Anati inde, koma m'mutu mwake munali bokosi, lole ndi chakudya cha anthu. Sindimuimba mlandu. Chithunzicho chinaikidwa pa webusaiti chomwecho. Abemba anabwera, anatipaka pauda, anaseketsa anthu. Maliro anayenda bwino, monga mmene timanenera.

Patapita masabata angapo, m'mawa wina ndinamva ndodo ikugogoda njira yobwera ku kiyosiki. Ndinatembenuka msanga ngati ndiona Ba Kamanga. Anali mayi wachikulire wosaona, Ba Esinati a ku Matero, amene anaphunzira sukulu imodzi ndi Ba Kamanga, ndipo malemu mwamuna wawo anali wa pa fakitale yomwe ija. Ananyamula mtedza wokazinga m'kapepala. Anati foni ya Ba Kamanga sikupezeka, kodi anasintha nambala? Ndinawakhazika pa chigubu n'kuwauza. Sanalire. Anangoti mwezi watha anamvadi nkhope zolira pa webusaiti ija, koma sanadziwe kuti anthu akulira ndani. Anamasula foni yawo pa chitenje n'kundipatsa, popanda makani alionse.

"Yambani pamwamba, mwana wanga. Muniberengeleko bonse. Kapena baliko benangu."

Ndinawawerengera mayina onse, ndipo anzawo ena analipodi.

Malo a Ba Kamanga ali pakona ya kiyosiki, pamene denga limatulukira pang'ono n'kutchinga mvula. Pali njerwa ya simenti imene ankakhalira, ndipo pakhoma pali banga lakuda pamene msana wa jekete unkakhuza. Miyezi yoyamba anthu ankapapatsa ulemu, osakhalapo. Tsopano amayi amaikapo zigubu zopanda madzi posunga malo pamzere, ndipo mvula ikagwa agalu amabisalapo. Sabata yatha bambo wa nyumba yoyandikana anabwera kudzandipempha njerwayo, akufuna atsekere madzi olowa pakhomo pake. Ndinamuuza kuti atenge, palibe amene akuikhalira.